Solinst Levelogger 5: kalembedwe ka miyeso kamene mungakadalire m'chitsime

Levelogger 5, yopangidwa ndi kampani ya Solinst ya ku Georgetown m'chigawo cha Ontario ku Canada, ndi logger, kutanthauza kachipangizo koyeza ndi kusunga kokha miyeso ya kuya kwa madzi. Ndi kachitsulo kotalika masentimita 16, konenepa mamilimita 22, moti kamatsetsereka bwinobwino ngakhale m'paipi yopapatiza ya chitsime choyezera madzi apansi. Kunja kwake kulibe batani ngakhale limodzi. Zonse zimene kadzachite pansi pa madzi kwa miyezi mumazisankha pa kompyuta musanakamize, pa tsamba la Datalogger Settings la pulogalamu ya Solinst, ndipo ntchito imakomera kapena kuwonongekera pomwepo. Pa chitsulo chenichenicho palibe chodandaula chachikulu. Nkhani yagona pa kusankha pakati pa njira zitatu zolembera miyeso, Linear, Event ndi Schedule, komanso pakati pa njira ziwiri zosungira miyesoyo, Slate ndi Continuous.

Choyamba kudziwa n'chakuti logger imeneyi siyeza madzi okha. Ndi yotsekeka mbali zonse, ilibe kapaipi ka mpweya kofika kumtunda, choncho sensa yake imamva pulesha ya madzi amene ali pamwamba pake pamodzi ndi ya mpweya umene ukukanikiza madziwo. Ili m'manja, isanakhudze ndi dontho lomwe, imasonyeza kale pafupifupi mamita 10 kumalo otsika, ndi ocheperapo kumapiri. Pulesha ya mpweya ikasintha ndi 1 kPa (kilopascal, muyeso wa pulesha), pa logger zimaoneka ngati madzi asuntha masentimita 10, pamene m'chitsimemo mwina sanasunthe n'komwe. N'chifukwa chake pamafunika inzake, Barologger 5, yopachikidwa pamwamba pa madzi, yoyeza mpweya wokha, kuti pambuyo pake muchotsere pogwiritsa ntchito Data Wizard, gawo la pulogalamu ya Solinst lokonzera miyeso. Solinst imati Barologger imodzi imakwanira zitsime za mkati mwa makilomita 30, bola zisasiyane kukwera kwa malo ndi mamita oposa 300. Wogula ayenera kuwerengera zipangizo ziwirizi pamodzi, kuphatikizapo chowerengera cholumikizira ku kompyuta, chifukwa logger yokha siimaliza ntchito.

Linear ndi yosavuta: mumaika nthawi imodzi, logger n'kumalemba mosadumpha. Mukhoza kusankha kuyambira kasanu ndi katatu pa sekondi mpaka kamodzi pa maola 99. Memory yake imasunga miyeso 150,000, uliwonse uli ndi kuya kwa madzi ndi kutentha kwake, ndipo nambala imeneyi ndiyo yasintha zinthu. Mukamalemba pa mphindi 15 zilizonse, ndi miyeso 96 pa tsiku, memory imadzaza patapita zaka zinayi ndi miyezi. Pa mphindi 5 zilizonse imatha masiku 520. Pa mphindi iliyonse, masiku 104. Pa sekondi iliyonse imafika pafupifupi maola 42. Levelogger Edge, imene inalipo iyi isanabwere, inkasunga miyeso 40,000 ikamalemba mwa nthawi zonse, ndipo pa mphindi iliyonse inkadzaza mwezi usanathe. Ambiri anazolowera kuumira memory nthawi imeneyo, ndipo chizolowezicho chikadalipo ngakhale chifukwa chake chinachepa kwambiri.

Ife tikuona kuti pa ntchito zambiri Linear ndiyo yoyenera kuyamba kuiganizira, ndipo kuisiya kumafuna chifukwa chomveka. Miyeso yotalikirana mofanana imagwirizana mosavuta ndi ya Barologger, ya mvula, ndi ya zitsime zina. Avereji ya tsiku imatuluka popanda kukonzakonza. Mpata ukaoneka m'fayilo, mumadziwa kuti china chake chinavuta.

Cholakwika chofala pa Linear ndi kutalikitsa nthawi mopitirira. Ngati pafupi pali pampu imene imayaka m'mawa uliwonse, inu n'kuika kuti logger izilemba kamodzi pa tsiku, ndiye kuti tsiku lililonse mukugwira madzi pa mphindi yomweyomweyo ya kukoka kwa pampuyo. Girafu idzaoneka yosalala, yokhulupirika, koma ikusonyeza madzi otsika kuposa mmene amakhalira pampu ikapuma. Zitsime za m'mphepete mwa nyanja ya mchere zili ndi vuto lofanana: madzi amakwera ndi kutsika pa maola 12 ndi mphindi 25, ndipo kulemba pa maola 12 alionse kumatulutsa funde lalitali labodza limene m'nthaka mulibe. Mphindi 15 zimathetsa mavuto onsewa, ndipo batire silimva kanthu. Solinst imati batire limakhala zaka 10 mukamalemba kamodzi pa mphindi. Koma ndi lotsekeredwa mkati, simungalisinthe nokha, choncho kulemba pa sekondi iliyonse kusungidwe pa ntchito za maola kapena masiku ochepa, osati za chaka.

Pa Linear pomwepo mumasankhanso chochitika memory ikadzaza. Slate imaima, n'kusunga zonse kuyambira pachiyambi. Continuous imapitiriza, n'kumafufuta miyeso yakale kwambiri kuti ilembe yatsopano. Poyesa pampu, kutanthauza kukoka madzi m'chitsime kwa maola angapo n'kumaona mmene akutsikira, sankhani Slate, chifukwa mphindi zoyambirira ndizo zamtengo wapatali. Continuous imathandiza pamalo ovuta kufikako, pamene simukudziwa tsiku lobwerera ndipo chofunika ndi miyezi yaposachedwa. Ili ndi msampha wake umene anthu sauona msanga. Logger ikavuulidwa siidziwa kuti yatuluka m'madzi. Mukaiponya m'bokosi musanakopere miyeso, imapitiriza kulemba pulesha ya mpweya wa m'bokosimo, ndipo ngati memory inali itadzaza kale, muyeso uliwonse wopanda pakewo ukufufuta weniweni wa m'chitsime. Ikani Future Stop, nthawi yoti logger idzaime yokha, kapena koperani ndi kuiimitsa tsiku lomwelo.

Event ndiyo imakopa anthu kwambiri poiwerenga, koma m'pamene pafunika kusamala. Mumaika zinthu ziwiri: nthawi yoti logger izidzuka kuyeza, ndi kukula kwa kusintha kumene kukuyenera kulembedwa. Mwachitsanzo, idzuke mphindi iliyonse, koma ilembe pokhapokha madzi akasiyana ndi muyeso womaliza kulembedwa ndi masentimita 2. Pa mtsinje umene umakhala phee kwa milungu kenako n'kusefukira m'maola awiri, nzeru imeneyi ndi yomveka.

Koma Event imapulumutsa memory yokha, batire ayi. Logger imadzukabe mphindi iliyonse n'kuyeza, kaya ilemba kapena ayi. Chachiwiri, ndipo ichi n'chachikulu, kusintha kumene imaona ndi kwa pulesha yonse, ya madzi ndi ya mpweya pamodzi. Pulesha ya mpweya imakwera ndi kutsika tsiku lililonse, ndipo nyengo ikamasintha imatha kusuntha ndi 1 kPa kapena kuposa. Mukaika masentimita 2, logger idzalemba kangapo chifukwa cha mphepo ya kumwamba, madzi ali chikhalire. Mbali inayo n'koopsa kwambiri: madzi akamakwera pamene pulesha ya mpweya ikutsika mofanana, sensa siiona kusintha kulikonse, ndipo kukwera kwenikweniko sikulembedwa pa nthawi yake. Barologger singakubwezereni muyeso umene sunalembedwe.

Kusankha kukula kwa kusinthako nakonso n'kovuta. Mukachepetsa kwambiri, timafunde ta pamtsinje kapena kuwinduka kwa madzi pafupi ndi pampu kumadzutsa logger pafupifupi nthawi zonse, mwakuti mwabwerera ku Linear koma ndi nthawi zosalongosoka. Mukakulitsa, girafu imatuluka ngati masitepe, ndipo kutsika kwapang'onopang'ono kwa madzi m'chilimwe, kumene kumauza katswiri mmene nthaka ikutayira madzi, kumabisika. Event ndi yabwino pamene kusintha mukukufunako n'kwakukulu kwambiri kuposa kwa mpweya, monga kusefukira kwa theka la mita kapena kuposa. Pa chitsime choyang'anira madzi apansi chaka chonse, siyoyenera.

Schedule ndi imene inapangidwira oyesa mapampu, ndipo inakonzedwa bwino. Imalola mizere yofika 30, uliwonse ndi nthawi yake yolembera ndi kutalika kwake, ndipo mukhoza kuiuza kuti ikafika kumapeto iyambirenso. Chifukwa chake chili m'masamu a madzi apansi. Njira zowerengera zotsatira za kuyesa pampu, ya Theis ya 1935 ndi ya Cooper ndi Jacob ya 1946, zimawerenga kutsika kwa madzi pa girafu imene mpata wa pakati pa mphindi 1 ndi 10 ndi wofanana ndi wa pakati pa mphindi 100 ndi 1,000. Choncho pachiyambi pamafunika miyeso yothithikana, kumapeto yotalikirana. Pa kuyesa kwa maola 24 mungaike chonchi: sekondi iliyonse kwa mphindi 5, masekondi 5 alionse kwa mphindi 25, masekondi 30 kwa mphindi 90, mphindi iliyonse kwa maola 10, ndi mphindi 5 zilizonse kwa maola 12 otsalawo. Yonse pamodzi ndi miyeso 1,524, fayilo yopepuka yosavuta kuigwiritsa ntchito.

Vuto lake n'lakuti Schedule imatsata wotchi, siitsata pampu. Mwaika Future Start, nthawi yoti logger iyambe yokha, ya 8 koloko, koma jenereta yakana kulira mpaka 8:20. Pamene madzi akuyamba kutsika, mizere yothamanga ija yatha kale kapena ikutha, ndipo gawo lofunika kwambiri lalembedwa mwa apo ndi apo. Chimodzimodzi pozimitsa. Madzi akamabwerera pampu itazima, masekondi oyamba amafunanso miyeso yothithikana, ndiye mzere wothamanga wachiwiri uyenera kugwera ndendende pa mphindi yozimitsira. Pampu ikazima yokha pa ola la 17 chifukwa mafuta atha, logger ili pa mphindi 5 zilizonse, kubwerera kwa madziko kwakudutsani.

Apa m'pamene memory yaikulu ija imaonetsa phindu lake. Linear ya masekondi 5 kwa maola 48, ndiye kuti tsiku lokoka ndi tsiku lobwerera, ndi miyeso 34,560 yokha. Ngakhale ya masekondi 2 kwa maola 72 ndi 129,600, ikukwanabe. Pampu iyake mochedwa, izime mosayembekezereka, zonse zalembedwa, ndipo kupatulira miyeso pa kompyuta n'kosavuta kuposa kubwereza kuyesa konse. Schedule ikhale ya pamene muli ndi Direct Read Cable, chingwe chimene chimakulolani kuyambitsa logger muli pamwamba osaivuula, kuti muiyambitse masekondi ochepa pampu isanayake. Kuthamanga kwa kasanu ndi katatu pa sekondi n'kwa slug test (kukweza kapena kutsitsa madzi m'chitsime mwadzidzidzi n'kuona mmene akubwerera) m'nthaka ya mchenga kapena miyala, mmene madzi amabwerera m'masekondi. Pa liwiro limenelo memory imadzaza m'maola 5 ndi mphindi pang'ono.

Kalembedwe kalikonse mungasankhe, wotchi ndi yoyamba. Onetsetsani kuti nthawi ya kompyuta ili yolondola, kenako dinani Synchronize pa logger iliyonse, Barologger yomwe, ndi kompyuta imodzimodziyo. Gwiritsani ntchito Future Start kuti zonse ziyambe pa ola lathunthu, 10:00:00 osati 09:47:13, kuti mizere ya mafayilo osiyana igwirizane. Barologger iyambe logger ya m'madzi isanayambe kapena limodzi nayo, ndipo ikhale yomaliza kuimitsidwa, chifukwa muyeso wa madzi umene ulibe mnzake wa mpweya sungakonzedwe. Barologger siifunika kuthamanga: mphindi 15 zikwanira ngakhale ya m'madzi ikulemba pa sekondi, popeza mpweya umasintha pang'onopang'ono. M'mayiko amene amasuntha wotchi m'nyengo yotentha, logger siisuntha nawo, ndiye lembani m'buku nthawi imene munagwiritsa ntchito.

Kukula kwa sensa kumayendera limodzi ndi zonsezi. Pali M5, M10, M20, M30, M100 ndi M200, nambalayo ikutanthauza mamita a madzi amene angakhale pamwamba pa sensa, osati kuya kwa chitsime. Kulondola kwake ndi 0.05 peresenti ya nambalayo, choncho M10 imaphonya ndi theka la sentimita, M100 ndi masentimita 5. Chitsime cha mamita 80 chimene madzi ake amasuntha mamita 4 pa chaka chimafuna M10 yopachikidwa mamita 6 kapena 7 pansi pa madzi, osati M100 yogona pansi penipeni. Poyesa pampu werengerani kutsika konse kumene mukuyembekezera, muwonjezere mamita ena. Madzi akatsika kupitirira sensa, girafu imangogona mzere wowongoka wa pulesha ya mpweya, ndipo wosadziwa angaganize kuti madzi akhazikika.

Musanapite nayo kuchitsime, iyeseni m'ndowa. Tsegulani Real Time View, tsamba loonetsa muyeso nthawi yomweyo, onani muyeso ili mu mpweya, kenako imizeni mpaka madzi afike masentimita 30 pamwamba pa kamzere kozokotedwa pafupi ndi timabowo ta sensa, pamene muyeso umayambira. Kusiyana kukhale masentimita 30. Kuchitsimeko ipachikeni ndi waya wachitsulo chosachita dzimbiri kapena chingwe cha Kevlar, osati cha nayiloni chimene chimatanuka pang'onopang'ono n'kuonetsa ngati madzi akukwera. Ngati m'chitsime muli pampu, logger ilowe m'paipi yakeyake kuti isakolane ndi mawaya. Ikakhazikika, yezani madzi ndi tepi ya dip meter, yoyezera pamene madzi alekeza m'chitsime, kuchokera pa chizindikiro chokhazikika cha pakamwa pa paipi, mulembe muyesowo ndi mphindi yake, makamaka mphindi imene logger ikulembanso. Bwerezani musanaivuule. Miyeso iwiriyo ndi imene Data Wizard imagwiritsa ntchito posandutsa pulesha kukhala kuya kwa madzi kuchokera pamwamba, ndipo ikasiyana ndi ya logger mumadziwa kuti chingwe chatsetsereka kapena sensa yayamba kuphonya.

Pokopera, pukutani kadiso ka pamwamba pa logger kakhale kouma ndi koyera, chifukwa kulumikizana kwake n'kwa kuwala ndipo dontho limodzi kapena matope zimadula kukopera pakati. Sungani fayilo ya .xle, imene pulogalamu ya Solinst imatulutsa, momwe yatulukira musanaisandutse .csv yotsegulira m'mapulogalamu ena, muitsegule, muone kuti girafu yafika tsiku lalero, kenako m'pamene musinthe kalembedwe ndi kudina Start.