Sikirini ili bii pa kompyuta yatsopano: kabatani ka kumbuyo kapena kubwereka CPU?

Mwamanga kompyuta, mwayatsa, mafani akuzungulira bwinobwino koma sikirini ili bii. Zinandionekera kuno ku Dedza nditaika CPU (ubongo wa kompyuta) ya Ryzen 5 5600 pa bodi (motherboard) ya B450 yomwe inakhalitsa m'shopu. Mabodi a B450 anayamba mu 2018, ma Ryzen 5000 anabwera mu 2020, ndiye BIOS (kapulogalamu ka m'bodi kodzutsa kompyuta) yakaleyo sinkaidziwa CPU imeneyi.

Koma musathamangire BIOS. 5600 ilibe graphics zakezake, choncho chingwe cha HDMI chilowe pa graphics card, osati pa bodi. Zulaninso RAM, mubwezere imodzi pamalo a RAM otchedwa A2 mpaka timano tam'mbali titseke. Kanyali ka pa bodi kolembedwa CPU kakapitiriza kuyaka, apo ndiye tikambe za BIOS.

Njira yakale ndi yobwereka CPU yomwe bodi ikuidziwa, monga Ryzen 5 2600, n'kulowa mu BIOS, n'kuika BIOS yatsopano kudzera pa EZ Flash, M-Flash kapena Q-Flash, malinga ndi kampani. Ubwino wake mumaona ndi maso kuti yafika pati. Koma CPU yobwereka muipeza kwa ndani pa boma pano? Mukwera minibasi wa ku Lilongwe bodi ili pamiyendo. Kuzula kula (choziziritsa CPU) kawiri, kupakanso thermal paste, ndipo timapini ta CPU zimenezi (za AM4) sitichedwa kupindika.

Ine ndimakonda kabatani ka kumbuyo kwa bodi. ASUS amati USB BIOS Flashback, MSI amati Flash BIOS Button, Gigabyte amati Q-Flash Plus. Sikafuna CPU kapena RAM: mawaya a 24-pin ndi 8-pin, ndi fulashi yofomatidwa pa FAT32 yokhala ndi fayilo ya BIOS yatsopano basi. Ambiri amagwa pa dzina la fayilo. MSI imafuna MSI.ROM, Gigabyte imafuna GIGABYTE.bin, ASUS ili ndi kapulogalamu ka BIOSRenamer. Fulashi ilowenso pabowo lake lenilenilo, lija lazunguliridwa ndi kamzere. Mukadina, kanyali kamaphethira kwa mphindi zingapo ndipo palibenso china chokuuzani kuti zikuyenda. Mtima umakhala m'mwamba, koma osakhudza kanthu mpaka kasiye.

Vuto lake n'lakuti mabodi ambiri otchipa alibe kabatani aka, ndiye funsani musanalipire.

Nanga magetsi akathima ili pakati? Pa njira yobwereka, bodi ikhoza kufa osadzukanso. Ya kabatani nthawi zambiri mumangoyambiranso. Ngakhale zili choncho, yanga ndinakaichitira kwa achimwene ena okhala ndi inveta, chifukwa tsiku limenelo kwathu anali atathima kale kawiri.