Manambala omata pamipando: amagwira bwino, koma 1 sakwana

Ndinagula paketi ya manambala omata ku Limbe kuti tiike pamipando 100 ya kutchalitchi kwathu. Guluu wake ngwamphamvu: amayi akapukuta ndi kansanza konyowa, samatuka ayi. Ndi akuda, akuluakulu, moti agogo amawerenga ali chapatali.

Chandidandaulitsa ndi kagawidwe kake. Aika nambala iliyonse ka 20. Kuwerenga kuyambira 1 kufika 100, manambala 2 mpaka 9 amapezekadi ka 20, kakhumi kumapeto, kakhumi pamalo a makumi. Koma 1 amafunika ka 21 chifukwa cha 100 uja, pomwe 0 amangofunika ka 11. Ndiye mpando womaliza ulibe 1 wake, maziro 9 angotsala m'paketi. Mukamagula, pemphani 1 wapadera musanachoke pakauntala.