Ravatherm XPS X 500 SL pansi pa konkire wa chipinda chozizira: ndi olimba, koma 500 asakunyengeni

Mabolodi a thovu otchinga kutentha ndi kuzizira awa, omwe kale ankadziwika kuti Floormate 500, amayalidwa pansi pa konkire m'nyumba zosungiramo katundu wolemera, makamaka m'zipinda zoziziritsa nyama, nkhuku ndi nsomba momwe fokolifiti (kagalimoto konyamula ndi kukweza katundu) imalowa ndi kutuluka. Bolodi limodzi limatalika mamilimita 1250 ndipo m'lifupi ndi 600. M'mphepete mwake muli kakhwawa koti likolane ndi linzake. Sali ngati thovu loyera la m'makatoni a wailesi lomwe limanyenyeka: awa ndi ogwirana ndipo samwa madzi kwenikweni.

Ogulitsa amakonda kutchula 500 kPa, muyeso wa kulemera kumene bolodi lingasenze, pafupifupi matani 50 pa sikweya mita. Nambalayi imapezeka bolodi litafinyika ndi magawo 10 pa 100 alionse, ndiye kuti bolodi la mamilimita 100 latsika ndi mamilimita 10. Konkire wa pamwamba sangadikire kufika pamenepo, amakhala atang'aluka kale. Nambala yogwira ntchito ndi ya katundu wokhalitsa, chifukwa thovu limapitirira kuphwa pang'onopang'ono likasenza zaka zambiri. Pa mtundu wa 500 ndi 180 kPa, ndipo pamenepo siliphwa kupyola magawo 2 pa 100 m'zaka 50. Mtundu wa 300 umapirira 130 kPa, wa 700 umafika 250.

Chimene chimathyola silabu, konkire wa pamwamba pa mabolodi uja, si matumba ounjikidwa pansi ayi, koma miyendo ya mashelefu ndi matayala olimba a fokolifiti. Mwendo umodzi ukhoza kutsitsa matani angapo pa kachitsulo kochepa ngati chikhatho. Konkire ndiye amamwaza kulemerako kusanafike pa thovu, choncho silabu ya mamilimita 150 mpaka 200 yokhala ndi zitsulo ndiyo imaoneka kawirikawiri. Kukhuthala kwenikweni awerengetse injiniya, poona mashelefu amene adzaikidwe. M'mphepete ndi m'makona a silabu ndimo mosachedwa kugonja.

Kuyala kwake kumafuna pansi posalala. Dothi litsindidwe, pathiridwe konkire woonda, ndipo pasatsale mwala wotuluka kapena dzenje, chifukwa bolodi lolenjekeka limasweka. M'chipinda chozizira pulasitiki wotchinga chinyezi amakhala pansi pa mabolodi, kumbali yofunda, mapepala ake opitirirana mamilimita osachepera 150 n'kumatidwa tepi. Mabolodi ayalidwe kawiri mosanjikiza, mwachitsanzo a mamilimita 75 pansi ndi 75 pamwamba, zolumikizira zosiyana malo ngati njerwa. Pamwamba payalidwenso pulasitiki kuti madzi a simenti asalowe m'mipata. Zitsulo zikhale pa timipando ta matako aakulu, apo ayi timaboola thovu, ndipo mawilibala adutse pa matabwa.

Chofunika kudziwa kwa omanga firiji yofika madigiri 18 kapena 25 pansi pa ziro: thovu limangochedwetsa kuzizira, silikuletsa. Popanda mawaya otenthetsa kapena mapaipi a mpweya pansi pake, dothi lonyowa limaundana, n'kufufuma, n'kutukula silabu mpaka zitseko kukana kutseka. Zimenezi zimachitika ngakhale kumalo otentha ngati Nsanje.

Zofooka zake zilipo. Petulo, thina ndi phula losungunulidwa ndi mafuta zimasungunula thovuli. Likakhala padzuwa nthawi yaitali pamwamba pake pamasanduka fumbi, ndipo limayaka moto. Chiswe sichilidya koma chimaboola njira m'kati mwake, motero dothi lithiridwe mankhwala ndipo m'mbali musasiyidwe poyera.

Mtengo ndi wokwera, ndipo kuitanitsa kunja kumadula chifukwa katunduyu amadzaza galimoto asanalemere. Pa nyumba yogona kapena kachipinda kolowa anthu onyamula katundu pamanja, mtundu wa 300 ndi wokwanira. Pomwe pali fokolifiti ndi mashelefu ataliatali, wa 500 ndi woyenera ndalama zake, bola wogulitsa aonetse pepala la kampani lolembedwa nambala ya katundu wokhalitsa.