Chogwirira foni cha pa handulo: nyenyezi zinayi pa zisanu

Ngati mumakonda kuliza njinga yamoto m'mawa tsiku lopuma, kukazungulira mapiri ndi zigwa zapafupi n'kubwerera dzuwa lisanalowe, chogwirira ichi chikuthandizani. Koma mugule chokhala ndi kachipangizo ka mphira kochepetsa kunjenjemera, chopanda kachipangizoko musachiyandikire n'komwe. Ine ndachigwiritsa ntchito chilimwe chonse mpaka mvula kuyamba, pa njinga ya silinda imodzi.

M'bokosi munali chomangira pa handulo, tizidutswa ta mphira tosiyana kunenepa, kiyi wa aleni womangira mabawuti, kachipangizo kaja, ndi tchaja ya USB yolumikiza ku batire. Tizidutswato ndi toti chikwane pa handulo ya mamilimita 22, yomwe ili pa njinga zambiri zing'onozing'ono, komanso ya 25.4 ndi ya 28.6 yonenepa pakati ija. Kumanga sikuvuta, chovuta n'kupeza malo. Mukachiika pakati penipeni foni imaphimba sipidomita, mukachitsitsa imagunda thanki. Musanalimbitse mabawuti, ikani foni, pindani handulo uku ndi uku mpaka kumapeto, ndipo muone ngati kiyi wa njinga akulowabe bwino.

Ambiri amaona kachipangizo ka mphira ngati njira ya ogulitsa yotidyera ndalama, koma ayi ndithu. Mu kamera za mafoni ambiri amakono, kagalasi sikanamatidwe. Kamayandama pa timawaya ndi timaginito kuti dzanja likagwedera chithunzi chisasokonekere. Zimenezi zinapangidwira kugwedera kwa dzanja la munthu, osati kunjenjemera kosalekeza kwa injini komwe kumadutsa m'zitsulo za njinga n'kukathera pa handulo. Mu September 2021 kampani ya Apple inachenjeza poyera kuti injini zamphamvu za njinga zamoto zingawononge kamera ya iPhone, ndipo inalangiza kuti foni isamangidwe pa njinga zoterozo. Kwa okwera timasikuta ta injini zazing'ono inati agwiritse ntchito chogwirira chochepetsa kunjenjemera, komabe asamatero kawirikawiri kwa nthawi yaitali. Ndiye musadzinamize kuti mphira ndi chitetezo chathunthu. Kamera ikafa motere chithunzi chimavina chokha, nthawi zina foni imalira ngati udzudzu mukatsegula kamera, ndipo chilichonse chimatuluka chosaoneka bwino.

Kuti kachipangizoka kakugwira ntchito mumakamva ndi chala. Lizani injini, gwirani handulo, chala chimachita dzanzi. Chisamutsireni pamwamba pa foni, mumangomva kanjenjemero kakutali. Pa msewu wa fumbi wa mabampu foni imagwedeza mutu moti masiku oyamba mtima umakhala m'mwamba kuti igwa, koma siinagwepo, ndipo kamera yanga mpaka pano ikujambula bwino. Komabe ngati foni yanu ndi yodula, chitani zomwe ndimachita ndikadziwa kuti ulendo ndi wa fumbi lokhalokha: pa handulo ndimaika foni yakale, yatsopanoyo imakhala m'thumba la jekete. GPS imalandira uthenga kuchokera ku masetilaiti, sifuna SIM kapena netiweki, bola mapu muwatsitsiretu kunyumba.

Chimene chandikondweretsa kwambiri si chitsulocho ayi, koma misewu yomwe chanditsegulira. Kale munthu ukafika pa mphambano yosadziwika unkayenera kuima, kuvula magolovesi, kupisa m'thumba, kuona mapu, kuvalanso. Ukatero kangapo umatopa, ndiye umangotsata msewu waukulu womwe ukuudziwa kale, n'kumadutsa tinjira tambirimbiri tokwera m'mapiri osadziwa kuti timathera kuti. Pano ndikaona kamsewu kakupatuka kulowera kuphiri ndimaima pambali, kuyang'ana pa sikirini osatsika n'komwe, n'kuona kuti kakakumana ndi msewu wina kutsidya. Ndapeza zitunda zoti ukaima pamwamba chigwa chonse chili pansi pako, mtsinje ukunyezimira chapatali, ndipo malowo ali pamtunda wosakwana ola limodzi kuchokera pakhomo. Zaka zonsezi ndinkangowadutsa m'munsi.

Pa mapu pamafunika kusankha. Google Maps imakonda njira yachangu, zomwe sizimene munthu wokayenda amafuna, ngakhale mukaiuza kuti ipewe misewu ikuluikulu imayesetsa. Kurviger ndi Calimoto, mapulogalamu a mapu a ku Germany, anapangidwira okwera njinga zamoto. Amasankha dala misewu yokhotakhota, ndipo mungawauze makilomita omwe mukufuna, iwo n'kukukonzerani ulendo wozungulira wobwerera pomwe munayambira. OsmAnd ndi Organic Maps amagwiritsa ntchito mapu a OpenStreetMap, okonzedwa ndi anthu odzipereka, ndipo nthawi zambiri amaonetsa tinjira tomwe ena alibe. Kungoti mapu sadziwa kuti mlatho unakokoloka dzulo, ndiye pakamwa mukhale napo, funsani omwe mwawapeza panjira.

Ndinenepo za ngozi, chifukwa chogwirira chabwino chimanyengerera maso. Pa liwiro la makilomita 80 pa ola njinga imayenda mamita 22 pa sekondi iliyonse. Kuyang'ana foni masekondi awiri ndiye kuti mwayenda mamita oposa 40 osaona kutsogolo, ndipo m'misewu ya m'mapiri pamtunda umenewo pamakhala kona. Paulendo wokaona malo maso amakhala atagawika kale pakati pa msewu ndi mapiri, foni ikubwera ngati yachitatu. Ine ndimatseka mauthenga onse ndisananyamuke n'kusiya mawu a mapu okha azilankhula m'chisoti. Anzathu ena mumawaona akuyankha WhatsApp njinga ikuthamanga, amenewo chogwirira chilichonse n'chowaipira.

Dzuwa ndi vuto lina, ngakhale si mlandu wa chogwirirachi chokha. Foni ili poyera, sikirini yawala mpaka kumapeto, GPS ikugwira ntchito, tchaja ikulowetsa moto, kutentha kumachuluka. Apple imati iPhone igwiritsidwe ntchito pamalo otentha kuyambira madigiri 0 mpaka 35, ndipo foni ikatentha kwambiri imadzichepetsera yokha kuwala n'kusiya kutchaja. Mukuyenda mphepo imaiziziritsa, vuto limabwera mukaima kuti muone malo n'kuisiya padzuwa. Ichotseni muiike m'thumba, kumeneko n'kupewanso manja aatali, poti imachoka ndi dzanja limodzi. Mvula ikagwa madontho amadina okha pa sikirini, mapu n'kumasuntha, ndipo polowetsa chingwe pakanyowa foni imakana kutchaja mpaka paume.

Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa cha zinthu zomwe opanga akanatha kukonza. Kodinira pochotsa foni ndi kakang'ono kwambiri, ndi magolovesi ochindikala chala chimaterereka mpaka uvule ndithu. Kachivundikiro ka tchaja n'kosalimba, kanang'ambika msanga, ndipo fumbi linayamba kulowa mkati, pano ndimatseka ndi tepi. Kapepala ka malangizo kamati mulumikize tchaja molunjika ku batire, osanena kuti ikatero imakoka moto pang'onopang'ono ngakhale njinga itazima. Kwa munthu wokwera tsiku lililonse sizikuoneka, koma ife oti njinga imakhala masabata ili chiimire timadzapeza batire lafooka m'mawa womwe tikufuna kunyamuka. Makaniko anandisamutsira pa waya woyaka ndi kiyi n'kuikapo fyuzi, nkhani inathera pomwepo. Mabawuti nawonso amamasuka mukayenda m'mabampu, ndipo m'bokosi simunali mankhwala abuluu aja odonthezera pa bawuti kuti isamasuke. Gulani panokha, ndipo kiyi wa aleni azikhala pansi pa mpando.