Bodi ya MSI MAG B660M Mortar Max ndi purosesa ya i5-12400F: kuthamangitsa purosesa yokhomedwa pa masikirini awiri

Purosesa ya Intel Core i5-12400F inatuluka mu Januwale 2022 ngati chida cha anthu ofuna kompyuta yamphamvu pa ndalama zochepa, ndipo kampaniyo inaikhoma dala kuti wogula asathe kuikweza liwiro. Mwambo wa Intel ndi wakuti mapurosesa okhala ndi chilembo cha K kumapeto kwa dzina ndiwo amaloledwa kuchita overclocking, kutanthauza kukweza liwiro kupitirira la kufakitale, ndipo nawonso amafuna bodi (chipangizo chachikulu chimene zida zonse za kompyuta zimalumikizidwapo) ya banja la Z, monga Z690, imene mtengo wake ndi wokwera. Ine ndinagula purosesa imeneyi pamodzi ndi bodi ya MSI MAG B660M Mortar Max WiFi DDR4 chifukwa ndi imodzi mwa mabodi ochepa amene amatha kulambalala loko ameneyu. Ndaigwiritsa ntchito m'nyengo yozizira ndi yotentha yomwe, ndili ndi masikirini awiri patebulo, ndipo zimene ndikulemba pano ndi zimene ndaona ndi maso anga.

Kuti nkhaniyi imveke, tiyenera kuyamba ndi masamu ake, amene ndi osavuta. Liwiro la purosesa limapezeka pochulukitsa nambala ziwiri: wotchi yoyambira, imene mu BIOS (pulogalamu ya makonzedwe ya bodi) imalembedwa kuti BCLK ndipo imakhala pa 100 MHz, ndi nambala yochulukitsira. Pa i5-12400F, makoo (timagawo towerengera ta mkati mwa purosesa) onse 6 akamagwira ntchito pamodzi nambala yochulukitsira imaima pa 40, kutanthauza 4.0 GHz, ndipo ntchito ikakhala yopepuka imatha kufika pa 44, kutanthauza 4.4 GHz. Chimene Intel inakhoma ndi nambala yochulukitsirayo. Wotchi yoyambira pa mabodi ambiri imasuntha pang'ono chabe, mwina kufika 102 kapena 103 MHz, kenako kompyuta imakana kuyaka. Bodi ya Mortar Max ili ndi kachipangizo kake kapadera, kopangidwa ndi kampani ya Renesas, kamene kamatulutsa wotchi yoyambira pakokha popanda kusokoneza njira za PCIe zimene kadi ya zithunzi ndi SSD zimadutsamo. Ndiye mukaikweza kufika 120 MHz, purosesa imathamanga pa 4.8 GHz, ndipo mukaifikitsa pa 125 MHz imakwana 5.0 GHz, nambala yochulukitsira isanakhudzidwe n'komwe.

Wogula asamale kwambiri ndi mawu akuti Max pa bokosi. Pali bodi ina yotchedwa MAG B660M Mortar imene maonekedwe ake ndi ofanana kwambiri ndi iyi koma ilibe kachipangizo ka wotchi kaja, ndipo ogulitsa ena sadziwa kusiyana kwake.

Njira imeneyi si yatsopano. Mu 2015, pa mapurosesa a Intel otchedwa Skylake, opanga mabodi anatulutsa BIOS yolola zomwezi pa mabodi a Z170, ngakhale kuti panthawiyo gawo la zithunzi la mkati mwa purosesa linkazima ndipo kutentha kwa makoo sikunkawerengeka bwino. Chaka chotsatira Intel inatseka khomolo. Mu Januwale 2022 katswiri wa ku Germany, Roman Hartung, wodziwika ndi dzina lakuti der8auer, anasonyeza kuti zikuthekanso pa mapurosesa a m'badwo wa 12, umene i5-12400F ilimo, poyamba pa mabodi odula a ASUS ofuna memore ya DDR5. Ubwino wa bodi ya MSI ndi wakuti inabweretsa njirayi kwa anthu amene ali kale ndi DDR4, ndipo kwa ine ichi ndicho chinali chifukwa chachikulu choigulira, popeza ndinali ndi timitengo tiwiri ta memore ta 8 GB ta DDR4-3200 totsala ku kompyuta yakale. Intel inanena poyera kuti mapurosesa opanda K sanapangidwire overclocking ndipo purosesa ikawonongeka chifukwa cha zimenezi walanti sigwira ntchito, choncho amene akulowa m'nkhaniyi adziwe kuti ngozi yake ndi ya iye mwini.

Mu BIOS zinthu zake zinaikidwa mwadongosolo. Mumakanikiza Delete kompyuta ikamayaka, mumalowa gawo la OC, mumasankha microcode (malangizo a mkati a purosesa) yolola kukweza mapurosesa opanda K, kenako malo olembapo BCLK amayamba kumvera. Vuto limene limagwetsa anthu ambiri, ndipo linandigwetsa inenso tsiku loyamba, ndi lakuti wotchi yoyambira sikoka purosesa yokha. Imakokanso memore ndi cache, kamemore kothamanga ka mkati mwa purosesa. Memore ya 3200 imakhala 3840 mukaika BCLK pa 120, ndipo imakhala 4000 mukaika pa 125, pomwe timitengo tambiri totsika mtengo sitingapirire liwiro lotero. Ine ndinakweza wotchi osatsitsa kaye nambala ya memore, sikirini inangokhala bii, ndipo kanyali kolembedwa DRAM pa bodi kanayaka. Tinyali tinayi timeneti, ta CPU, DRAM, VGA ndi BOOT, n'tothandiza kwambiri chifukwa timakuuzani pamene kompyuta yaimira, ndipo nditafufuta CMOS, mosungira makonzedwe a BIOS, ndinayambiranso mwadongosolo: kutsitsa memore, kutsitsa nambala ya cache, kenako kukweza wotchi pang'onopang'ono, 105, 110, 115, ndikuyesa pa sitepe iliyonse. Pali malire enanso amene bodi singawachotse. Pa mapurosesa opanda K, volteji ya gawo loyendetsa memore ndi yokhomedwa, motero ngakhale mutagula memore yothamanga kwambiri, simungaikankhire patali monga pa purosesa ya K. Ine ndinaisiya pafupi ndi 3200 pomwe inali kale, ndipo sindinaone kuti ndataya kanthu.

Kutentha ndiko kunandiphunzitsa zambiri kuposa china chilichonse. Fani imene imabwera m'bokosi la purosesa, Laminar RM1, inapangidwira 65 W, ndipo purosesayi ngakhale isanakwezedwe imaloledwa kufika 117 W ikapanikizidwa. Mukakweza wotchi ndi volteji, fani imeneyi imangolira osakwanitsa ntchito, choncho ndinagula choziziritsira chachitali chokhala ndi mapaipi amkuwa ndi fani ya 120 mm. M'mwezi wa Juni, kunja kukuzizira, 5.0 GHz inadutsa mapulogalamu oyesera a Cinebench R23 ndi OCCT popanda vuto ndipo ndinaganiza kuti ntchito yatha. Pofika Okutobala, chipinda chofoleredwa ndi malata chitayamba kuwotcha masana, makoo anayamba kuyandikira 100 °C, amene ndi malire pomwe purosesa imadzitsitsa yokha liwiro kuti isapse, ndipo kawiri konse kompyuta inazima pakati pa ntchito yosonkhanitsa vidiyo. Ndinatsitsa BCLK kufika 120, ndinachepetsa volteji pang'ono, ndipo kuchokera pamenepo yakhala pa 4.8 GHz osadandaula. Manambala amene timaona kwa anthu oyesa zidazi m'zipinda zoziziritsidwa za ku Ulaya ndi oona, koma munthu wokhala ku Lilongwe kapena ku Chikwawa ayese kompyuta yake m'mwezi wotentha asanakhulupirire kuti yakhazikika.

Nkhani ya magetsi nayo ndi yofunika kuitchula. Magetsi akathima mwadzidzidzi kenako n'kubwera, bodi nthawi zina imaganiza kuti overclocking yalephera ndipo imabwerera ku manambala a kufakitale. Zimenezi ndi chitetezo chabwino, koma zimatopetsa ngati simunasunge zimene munaika. BIOS ya bodiyi imalola kusunga makonzedwe anu ngati profile, mkati mwake kapena pa flashi, ndipo ine ndimalangiza kuchita zonse ziwiri. UPS (batire yogwirizira magetsi akathima) yaing'ono yokwanira kuzimitsa kompyuta mwaulemu ndi yofunika kuposa fani yachiwiri ya bokosi la kompyuta.

Tsopano za masikirini awiri, pamene chilembo cha F chimasonyeza mtengo wake weniweni. Purosesa ya i5-12400F ilibe gawo la zithunzi mkati mwake, kotero mabowo a HDMI ndi DisplayPort amene ali kumbuyo kwa bodi sagwira ntchito ngakhale pang'ono. Masikirini onse ayenera kulumikizidwa ku kadi ya zithunzi. Ndaonapo anthu akubweza monita yabwinobwino kwa wogulitsa chifukwa anaika chingwe chimodzi pa kadi, china pa bodi, n'kuganiza kuti monita ndi yakufa. Mchimwene wake wa purosesayi, i5-12400 wopanda F, ali ndi UHD Graphics 730 ndipo pa liwiro lake la kufakitale amayendetsa masikirini awiri kuchokera pa bodi yomweyo popanda kadi, zimene ndi zokwanira kwa munthu wa ntchito za muofesi.

Ine ndili ndi Radeon RX 6600 ya 8 GB, imene ili ndi mabowo atatu a DisplayPort ndi limodzi la HDMI. Sikirini yaikulu ndi ya mainchesi 24, 1920 x 1080 pa 144 Hz, ndipo ndinailumikiza ndi DisplayPort. Yachiwiri ndi monita yakale ya muofesi ya 60 Hz imene ndinaigula yogwiritsidwa kale ntchito. Apa pali msampha wina: mamonita ambiri a kaunjika amene amapezeka m'mashopu athu ali ndi VGA kapena DVI basi, pomwe makadi amakono satulutsanso chizindikiro cha VGA, motero pamafunika kachipangizo kotembenuza chizindikirocho, osati chingwe wamba chosiyana mitu. Yanga inali ndi DVI, ndipo chingwe cha HDMI mbali imodzi ndi DVI mbali inayo chinakwanira. Mu Windows mumakanikiza batani la Windows pamodzi ndi P n'kusankha Extend kuti sikirini yachiwiri ikhale malo owonjezera, osati galasi longobwereza yoyamba. Kenako mulowe mu Advanced display n'kusankha 144 Hz nokha, chifukwa kawirikawiri monita yatsopano imayamba pa 60 Hz ndipo munthu atha kukhala miyezi akugwiritsa ntchito theka la chimene analipira.

Kusakaniza 144 Hz ndi 60 Hz kale kunkachititsa kuti sikirini yothamanga izidukiza vidiyo ikamaseweredwa pa inzakeyo, koma kuyambira Windows 10 ya mtundu wa 2004 zinthu zinasintha, ndipo pa Windows 11 sindinaone vutoli. Chimene chatsala, pa makadi a makampani osiyanasiyana, n'chakuti memore ya kadi nthawi zina imakhala pa liwiro lapamwamba ngakhale palibe chimene mukuchita, chifukwa masikirini awiriwo satsitsimula chithunzi pa nthawi imodzi. Zotsatira zake ndi magetsi owonjezera pang'ono ndi kadi yofunda, ndipo kwa munthu wodalira UPS kapena sola zimenezi zimawerengeka. Kutsitsa sikirini yaikulu kufika 120 Hz, imene imagawika bwino ndi 60, kumathandiza pa zida zina, ndipo n'koyenera kuyesa.

Sikirini yachiwiri ndiyo inachititsa kuti overclocking ikhale ntchito yotheka kuichita mwanzeru. Pa yaikulu ndimayendetsa Cinebench kapena sewero, pa yaing'ono ndimatsegula pulogalamu ya HWiNFO64 ndikuyang'ana kutentha kwa koo iliyonse, volteji, mawati, komanso mzere wa WHEA, wa zolakwika za zida zimene Windows imapeza, umene umayamba kuwerenga kompyuta isanafike pozima. Mu Okutobala muja ndinaona vuto likubwera pa sikirini imeneyi.

Kodi 4.8 GHz inandipindulira chiyani? Wotchi inakwera ndi gawo limodzi mwa magawo asanu, ndipo pa ntchito zodalira purosesa yokha, monga kusonkhanitsa vidiyo ndi kupanikiza mafayilo aakulu, nthawi yodikira inachepa moonekeratu. Pa masewera ambiri kusintha kunali kochepa chifukwa RX 6600 ndiyo imatopa msanga purosesa isanatope. Polemba makalata, pa Excel ndi pa intaneti sindinamve kusiyana kulikonse. Koma monita yakale ya 60 Hz ija, imene mtengo wake sunafike pa wa choziziritsira, ndimaipindulira ola lililonse: chikalata mbali imodzi, chimene ndikulemba mbali inayo, popanda kutsegula ndi kutseka mawindo. Munthu atandiuza kuti ndibweze chimodzi mwa ziwirizi, ndingabwezere purosesa pa 4.0 GHz mosazengereza ndi kusunga sikirini.

Bodi yokha ndi yolimba ndipo ndilibe nayo chifukwa. Ndi ya kukula kwa micro-ATX, ili ndi malo anayi a memore, malo awiri a M.2 oikamo SSD, netiweki ya chingwe ya 2.5 Gb, Wi-Fi ndi Bluetooth, ndipo zitsulo zoziziritsa gawo la magetsi sizinatenthe mondidetsa nkhawa. Komabe wogula lero aganizire zinthu ziwiri. Choyamba, njira ya BCLK imagwira pa m'badwo wa 12 wokha. Mapurosesa a m'badwo wa 13 amalowa pa soketi yomweyo ya LGA1700 BIOS ikasinthidwa, koma opanda K a m'badwo umenewo sangakwezedwe mwa njira imeneyi. Chachiwiri, mukaphatikiza mtengo wa bodi ya Max ndi choziziritsira chabwino, muuyerekezere ndi mtengo wa njira zina, monga i5-12600K imene ili ndi makoo 10, kapena Ryzen 5 5600 ya AMD imene siikhomedwa n'komwe ndipo imakwezeka pa bodi wamba ya B550. Bodi ya Mortar Max ndingailimbikitse kwa munthu amene ali kale ndi i5-12400F kapena i3-12100F pamodzi ndi DDR4, amene wapeza bodiyi pa mtengo wabwino, ndipo ali wokonzeka kuthera madzulo angapo mu BIOS. Asanalipire, atsegule bokosi pamaso pa wogulitsa ndi kuwerenga dzina losindikizidwa pa bodi penipenipo, kuti atsimikize kuti mawu akuti Max alipo.