Kulembetsa mwana wa dzina losowa ku Mangochi

Ntchito yolembetsa ana obadwa kumene, yomwe bungwe la boma la kalembera wa nzika, la National Registration Bureau (NRB), limagwira kudzera m'zipatala kuno ku Mangochi, ndi yoyamikika ndithu. Fomu imadzazidwa kuchipatala komweko, ndipo mayi asaiwale chiphaso cha unzika.

Pofunika kusamala ndi pa mayina osowa ngati Zuberi. Dzinali ndi lachiarabu, Zubayr, la mmodzi mwa maswahaba (otsatira oyambirira) a Mtumiki Muhammad, ndipo linafika kuno ndi Chisilamu, m'njira za malonda a Ayao ndi Aswahili. Silimveka kawirikawiri ngati Yusufu kapena Saidi, choncho wolemba akangodalira khutu limatuluka Zubeli, poti ambirife sitisiyanitsa r ndi l. Lilembeni nokha papepala ndi zilembo zikuluzikulu, muwerengenso fomu musanasayine. Satifiketi ikatuluka yolakwika, kukonzetsa kwake kumafuna ulendo wa kuboma.