Kamera yakale ndi rekoda yatsopano: njira zinayi, imodzi inandidyera mbuzi

Chiikireni kamera pakhonde la golosale yanga pa Nchalo, anzanga a mashopu sakundipumitsa. Nkhani yake ndi imodzimodzi: kamera anatumiza m'bale wa ku Joni, rekoda anagula ku Limbe, koma ziwirizi sizikumvana. Ndatopa kufotokoza pafoni, ndiye ndilembe kamodzi.

Yanga anandipatsa alamu anga. Ndi kamera ya IP, yolowa waya wa netiweki, osati pulagi yozungulira ija ya BNC. Rekoda ndi ya hybrid, imalandira mitundu yonse iwiri. Vuto nlakuti rekoda za masiku ano zimafufuza makamera kudzera pa ONVIF, chilankhulo chimene makampani a Axis, Bosch ndi Sony anayambitsa mu 2008 kuti zipangizo za makampani osiyana zizimvana. Kamera ya alamu chilankhulo chimenechi sichidziwa. Ndikadina kuti rekoda ifufuze, imangobweza mndandanda wopanda kanthu.

Ndiyambe ndi njira imene inandipweteka: kabokosi kosinthira. Ndinakwera minibasi, kudutsa Thabwa, mpaka kwa wogulitsa wina mu Limbe. Sanandifunse n'komwe kuti kamerayo ndi ya mtundu wanji. "Bwana, tengani aka, mukangolumikiza basi." Mtengo wake unali wa mbuzi yaikazi yabwinobwino. Nditalipira ndi pamene anakumbukira kuti adaputala ya 12 volts ndi yapadera, chingwe cha BNC nacho chapadera. Ndikanatani, ndalama zitalowa kale m'dirowa?

Kabokosiko kamatenga chithunzi cha pa netiweki n'kuchisandutsa cha analogi kuti chilowe mu rekoda pa BNC, cha PAL, chonga cha wailesi yakanema zakale zija, mizere 576. Kamera imene pa laputopu imaonetsa ngakhale zolemba pa paketi ya shuga inayamba kutulutsa anthu ngati ali m'nkhungu. Tsiku lina katoni ya sopo inasowa pakhonde. Ndinabwezera kanema kangapo, ndikuona munthu wa malaya oyera akunyamula, koma nkhope ayi. Mayi a kunyumba anayang'anitsitsa n'kuti, "Bambo, ameneyutu akhoza kukhala inu nomwe." Kenako kunabwera Okutobala. Amene amakhala kuno kuchigwa akudziwa mmene malata amawotchera masana. Kabokosi kapulasitiki kopanda fani kankatentha n'kuzima kokha cha m'ma 2 koloko, nthawi imene anyamata akusinza ndipo kamera ikufunika kwambiri. Nditaimbira wogulitsa uja anati katundu wotsegulidwa sabwezedwa. Pano kakuchirikiza mwendo wa shelefu.

Njira yachiwiri ndi kompyuta yakale yokhala ndi pulogalamu yojambulira, monga ZoneMinder yomwe ndi yaulere pa Linux, kapena Blue Iris yolipira ya pa Windows. Zimalandira pafupifupi kamera iliyonse, koma kompyuta iyenera kuyaka usana ndi usiku, ndipo magetsi akathima batire ya sola siifika nayo m'bandakucha. Kwa ine ayi.

Yachitatu ndi imene ndikugwiritsa ntchito, ndipo sindinalipire tambala. Mphwanga amene amakonza mafoni pa Ngabu anabwera ndi laputopu, n'kutsegula VLC, pulogalamu yoonera makanema, n'kulemba adiresi yoyamba ndi rtsp://, nambala ya kamera ya pa netiweki, ndi poti (khomo lotulukira kanemayo) 554. Chithunzi chinatuluka choyera bwino. "Malume, kamerayi ili ndi RTSP, mumavutikiranji?" RTSP ndi njira imene kamera imatumizira kanema pa netiweki. Adiresi yomweyo anailemba pamanja mu rekoda, pamene pamalola kuwonjezera kamera ya mtundu wina. Chinatichedwetsa n'chakuti kamera inali pa 192.168.0 pomwe rekoda inali pa 192.168.1, kutanthauza kuti zinali pa manetiweki osiyana, ndipo tsamba losinthira la kamerayo limatseguka mu pulogalamu yotsegulira masamba a intaneti ya Internet Explorer mokha, yomwe Microsoft anasiya kuisamalira mu 2022. Anachita kufukula laputopu ina yakale.

Ndisakunamizeni, ili ndi chilema chake. RTSP imangonyamula chithunzi, uthenga woti pakhonde pali chikuyenda sufika ku rekoda. Choncho imajambula osapuma, ndi agalu ogona omwe, ndipo hadi disiki imadzadza msanga. Koma nkhope zimaoneka, ndipo kamera ndinaiikira nkhope.

Yachinayi ndi kugula kamera ina yolembedwa ONVIF Profile S. Ngati yanu imangotulutsa MJPEG, pomwe rekoda ikufuna H.264 kapena H.265 (yonseyi ndi mitundu ya kasungidwe ka kanema), musadzivutitse, gulani yatsopano. Mufunsenso ngati PoE yake (magetsi odutsa mu waya wa netiweki womwewo) ndi yeniyeni ya 802.3af, chifukwa pali zina zotchipa zofuna 12 kapena 24 volts basi, ndipo waya usapitirire mamita 100.

Ndiye akulu a pa Bangula amene munandiimbira dzulo, musakwere minibasi kaye. Pemphani laputopu, yesani VLC. Mukaumirirabe kabokosi, bwerani mudzatenge kanga, koma mubwere ndi chidutswa cha njerwa choti ndiike pansi pa mwendo wa shelefu.